Mpango Wofiira ndi Maso a Karamat

Munthu akayamba kukukomera mtima iwe usanamupemphe, uyambe wagwira m'thumba mwako. Ndi mmene ndinaganizira ine Karamat pamene Tanveer anatsegula shopu moyang'anizana ndi yanga, m'kanjira kathu ka onyika nsalu mumzinda wa Multan.

Zaka makumi anayi ndinali ndikunyika mipango ya amayi mu utoto kuti ifanane ndi zovala zawo, ndipo m'kanjira monsemo wotchedwa Ustadi, dzina laulemu la katswiri wa ntchito, ndinali ine ndekha. Koma ndinali ndi chinsinsi chimene ngakhale mkazi wanga sindinamuuze: maso anga anali atachita ng'ala. Chofiira, chofiirira, chachikasu chakupsa, zonse zinkangooneka ngati madzi otsukira mbale. Wonyika nsalu wosaona mitundu ntchito yake yatha, ndipo tsiku loti zimenezi zidziwike dzina langa likanathera pomwepo.

Ndinkapulumukira kuchenjera. Mayi akabwera ndi kachidutswa ka nsalu, ndinkakatembenuza ngati ndikukasirira, kenako n'kufunsa kuti, "Kodi mtundu umenewu kwanu mumautcha chiyani?" Akangoti wa bilinganya, kapena wa tsamba la ndimu, dzanja langa linkadziwa lokha masipuni a utoto wake. Chaka chathunthu ndinadya motero.

Ndiye kunabwera Tanveer, bambo wa dazi, wongosekerera ngati watola chikwama. Bizinesi yake ankaiyendetsa mwachilendo. Madzi a m'thanki mwake ankatunga aliyense. Chimphika chake chachikulu chinkagona kwa telala wa pakona kuposa kwa mwini wake. Mayi wosauka akabwera ndi kansalu kamodzi, ankamupatsa utoto m'kapepala n'kumulangiza mmene anganyikire yekha kunyumba, mchere wake, moto wake, zonse poyera. Ndinkamvetsera ndili kwanga mano ali gwa. Ndani anamangapo shopu pogawa nzeru zake ngati mtedza?

Kwathu ndalama yoyamba ya tsiku siseweredwa. Umaipsompsona, n'kuigunditsa pamphumi, ndipo kasitomala woyamba sabwezedwa. Ukam'bweza wabweza tsiku lonse. Tanveer akalandira yake yotsegulira ankasuzumira kwanga. Akaona kuti moto wanga sunayake, kasitomala wake wachiwiri ankamuuza kuti, "Pitani kwa a Ustadi apo, ine yanga ndalandira kale." Masiku oyamba ndinangoti ndi ulemu wa mlendo, uzirala. Koma patatha milungu iwiri ndinazindikira chinthu chimene chinandilanda tulo. Onse amene ankanditumizira ankafuna mtundu umodzi: wakuda, umene ngakhale wosaona sangauphonye.

Ndinapita kwa Liaqat, wogulitsa tiyi pakhomo la kanjira, mnzanga wa kalekale.

"Liaqat, wadazi uja akufuna chiyani kwa ine?"

"Akufuna kukufunsirani mbeta, a Ustadi. Ndevu zanuzo zamudolola."

"Usandiseke, ndine wamkulu kwa iwe. Bwanji akunditumizira zakuda zokhazokha?"

"Ndiye ndalama ya zakuda sigula ufa? Inu mukanakhala nkhuku mukanafa ndi njala, chimanga chilichonse mukuchiyesa nyambo. Kupatsa n'kuika, a Ustadi."

"Eya, kuika msampha."

Liaqat anaseka, koma anatakasa tiyi nthawi yaitali kuposa mmene amatakasira. Ndinabwerera kushopu nditatsimikiza zinthu ziwiri: Tanveer akudziwa za maso anga, ndipo akungodikira tsiku labwino loti andiyalutse, makasitomala anga onse awakokolole. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsikulo linafika Lachitatu m'mawa. Ndisanayatse n'komwe moto, panaima a Bibi Shagufta. Mayi ameneyu mpango wa ukwati wake ndinanyika ndine, ndipo pakamwa pake ndi pamene amayi a mbali ino ya mzinda amamvera kuti telala wabwino ndi uti, wakuba ndi uti. Anatulutsa mpango woyera wa silika ndi kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo.

"A Ustadi, mwana wanga akukwatiwa mkuja. Diresi lake ndi la mtundu uwu. Mpangowu ufanane nalo, usasiyane ngakhale pang'ono. Apongozi ake ali ndi maso ngati a kabawi."

Ndinakatembenuza kachidutswako. "Kokongola. Kodi kwanu mumautcha chiyani?"

"Aa, nanunso! Ulibe dzina umenewu, ndi wofiira basi. Kodi si inu mwini maso?"

Zofiira zilipo makumi awiri. Munthu wanzeru akanati utoto wandithera, yesani kwina. Koma anali woyamba, ndipo dzanja lake linali litatambasuka kale ndi ndalama. Ndinailandira, n'kuipsompsona, n'kuigunditsa pamphumi. Iwo anati akukasankha zibangili, abwera posachedwa.

Ndinasakaniza wofiira wa akwatibwi umene ndimaudziwa pamtima, ndikupemphera kuti ukhale womwewo. Ndinanyika, ndinatsuka, ndinayanika pachingwe chodutsa pakati pa kanjira, poti tonse timayanika pamenepo. Kenako ndinatchera khutu. Makina a telala anasiya kulira. Sipuni ya Liaqat inaleka kugunda kapu. Pamenepo ndinadziwa kuti ndaphonya, ndipo osati pang'ono.

Ndinamva nsapato zikuwoloka kanjira.

"A Ustadi!" Anali Tanveer, mawu ali pamwamba kuti aliyense amve. "Lero ndakugwirani!"

Ndinagwira thabwa lotakasira utoto, osadziwa ngati ndikufuna kutsamira kapena kumumenya nalo.

"Ndakugwirani ndithu! Kani chinsinsi chanu n'chimenechi? Mumayamba mwayala mtundu wa njerwa pansi, wofiira weniweni n'kubwera pamwamba. N'chifukwa chake zofiira zanu sizisuluka! Chonde, kunyika kwachiwiriko ndichite ndine, inu muzindiyang'anira. Musandimane, ndine mwana wanu pantchitoyi."

Mtundu wa njerwa! Ndinatsala pang'ono kuveka mkwatibwi khoma. Ndinakhala pampando, ndipo iye anatenga kuti ndavomera. Anatsitsa mpango, anatola kachidutswa kaja pathebulo, n'kuyamba kutsegula zitini zanga ngati ndi kwawo. Kunena zoona ndinadana naye kwambiri nthawi imeneyo kuposa kale lonse. Akanandiyalutsa ndikanadziwa pomugwira.

"Chepetsa moto, iwe," ndinakalipa. "Ameneyo ndi silika, si chiguduli. Viniga wathira?"

"Ndikanaiwala, a Ustadi."

Mwina anaiwaladi, mwina ankangondipatsa chonena. Makina a telala anayambanso kulira. Nditaona kuti anthu abwerera ku zawo, ndinasendera pafupi ndi mphika.

"Unadziwa liti?"

"Mlungu woyamba," anayankha motsitsa, maso ali mu utoto. "Mayi wina anati wa tsamba la ndimu pomwe nsalu yake inali ya tsamba la mango. Inu munatsata pakamwa pake."

"Wauza ndani?"

"Palibe."

"Ndiye ukufuna chiyani? Shopu ino? Nena, tisazungulire."

"Amayi amalowa m'kanjira kano chifukwa cha dzina lanu, a Ustadi. Likagwa apita kumsika watsopano, ndipo ine ndidzanyika malaya anga omwe."

Apo mtima unakhala pansi pang'ono. Munthu wodzifunira zake ndimamumvetsa, ndimadziwa ndi pomuyika. Koma anawonjeza, akutembenuza mpango ndi thabwa:

"Komanso ndinu munthu wamkulu. Chakudya sichingatsike ndikuonerera mukuvulidwa pamsika."

Mawu amenewo ndinasowa powayika. Ndinawatembenuza uku ndi uku kufuna pamene pabisala mbedza.

A Bibi Shagufta anafika mpango utayamba kuuma. Anaika kachidutswa kaja pamwamba pake, anapita nawo padzuwa, anabwera nawo pamthunzi.

"Ndinanena ine! Ngati zabadwa m'mimba imodzi. Maso a Ustadi Karamat alibe anzake mu Multan muno." Kenako anatembenukira kwa Tanveer, amene anaima pambali manja ali psuu. "Inu atsopano muziphunzira kwa akuluakulu, osamangosekerera."

"Ndikuphunzira, a Bibi," anatero Tanveer.

Zinali zitatha bwino. Ndikanangotseka pakamwa, madzulo ake dzina langa likanakhala likutamandidwa m'makomo khumi. Koma ndinayang'ana chithunzithunzi cha munthu wadazi uja, n'kuona masiku anga onse otsala. M'mawa uliwonse ndizidzadzuka ndili m'dzanja lake, ndikudikira tsiku limene tidzakangane za chingwe choyanikira kapena za madzi, iye n'kungotsegula pakamwa. Munthu amene wakusungira chinsinsi wakumanga chingwe m'khosi, ngakhale asakoke. Ndinati kuli bwino ndidule ndekha.

"A Bibi," ndinatero, "maso anga anafa chaka chatha. Ine ndinanyika mtundu wa njerwa. Wofiira mukuuonawo wauona ndi uyu."

Kanjira konse kanamva, chifukwa sindinanong'one. A Bibi sanakalipe. Anapinda mpango mosamala, kanayi, n'kuuika m'chikwama.

"Mulungu akuchizeni, bambo Karamat," anatero.

Bambo Karamat, osati Ustadi. Chiyambire ali mtsikana sananditchulepo choncho. Ndinamva zibangili zawo zikulira mpaka pakhomo la kanjira, pamene anaima kufunsa Liaqat dzina la wonyika watsopanoyo.

Tanveer sanasunthe. Kwa nthawi yoyamba chibwerere, m'mawu ake munalibe kuseka.

"Mwachitiranji zimenezi, a Ustadi? Ine sindikanaulula. Ngakhale mpaka kumanda."

"Ndikudziwa," ndinatero.

Ndipo chimene chinandiwawa n'chakuti ndinali nditangodziwa kumene.