Tcheni Chimagwa Lachinayi

1.
Chagwanso.

2.
Lachinayi, ngati sabata yatha, ngati inzake ija. Kathirakitala kotchetchera kapinga kaima pakati pa bwalo la mpira la sukulu, injini ikulira, matayala ali chiimire, tcheni chili lende. Aitaneni a Tobiyasi, akutero Mayi Msukwa, oyang'anira antchito. A Tobiyasi ndi makaniko wa pasukulupo, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pantchitoyi, ndipo Dedza yense amadziwa: chimene amanga a Tobiyasi sichimasuka chokha.

3.
Zimitsa injini. Kiyi m'thumba. Gona chagada. Tsuka tcheni ndi palafini, uchikoleke pa mano ake. Masula nati ya kagudumu kokungira, ukankhe kagudumuko mpaka tcheni chikungike. Dina ndi chala: chizitsika pang'ono, kunenepa kwa chala chimodzi basi. Ukakungitsa chiduka, ukachilekerera chigwa. Manga nati. Thira oilo. Dzuka, ngati msana walola.

4.
Kathirakitalako kanabwera mu Januwale mvula ili pakati, ana asukulu akukathamangira ngati mkwatibwi, ndipo Mayi Msukwa, munthu wosapsatira mawu, anasonkhanitsa otchetcha anayi pansi pa mkungudza n'kuwauza kuti tsiku limene makinawa adzayende sabata yathunthu osavuta ntchito yanu yathera pomwepo, zikwakwa mudzabweze kusitolo, palibe chidani, ndi mmene zinthu zikuyendera masiku ano, ndipo a Tobiyasi anali pomwepo akupukuta m'manja, osakweza mutu.

5.
Otchetcha anayi:
a Jailosi, a diso limodzi;
a Mofati, amene anayamba kutchetcha bwaloli lisanakhale ndi magolo;
a Nabengo, oimba potchetcha, moipa;
a Nangondo, mkazi wa malemu mng'ono wawo wa a Tobiyasi, ana atatu.

6.
Lolemba kayenda. Lachiwiri kayenda. Lachitatu kayenda monyada, ngati kabwana. Lachinayi, chagwanso. Udzu wa m'dzinja suyembekeza makaniko, choncho zikwakwa zimatulukanso. Februwale anatha motero, Malichi n'kuyamba.

7.
Lachinayi limeneli Mayi Msukwa anamanga chitenje, anagwada okha, n'kugwira nati ndi zala. Inazungulira ngati chotsekera botolo.
Bambo Tobiyasi, nati iyi munamanga Lolemba?
Ndinamanga, mayi.
Mwakalamba kodi? Manja atha mphamvu?
Funso limeneli linawapweteka, n'kubisiranji.
Ayi, mayi. Chimene ndamanga ine sichimasuka chokha.
Ndimafuna ndimve zimenezo. Ndiye kuti pali akumasula. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo amene akumva m'mimba pano ndikuwadziwa. Mawa nonse kuofesi kwanga.

8.
Ife otchetcha sipanala tiidziwira kuti? Ife timadziwa tupa ndi chikwakwa. Makinawo tinawatukwanapo, inde, a Mofati anawalavulira kamodzi. Koma malovu amasula nati? Ntchito itha, tinavomera kalekale. Koma kuchoka ndi dzina la owononga katundu wa sukulu, adzatilembenso ndani kuno?

9.
Lachisanu, naini koloko. Anayi aja aima motsamira khoma. Mayi Msukwa akuti wolakwa adziulule, apo ayi nonse muchoka lero lomwe, opanda kalata, ndipo nkhaniyi ikathera kupolisi. A Jailosi akuyang'ana denga ndi diso lawo limodzi. A Nabengo akulira mwakachetechete. A Nangondo atembenukira kukhomo kumene aima a Tobiyasi.
Alamu, inu mumatidziwa. Tanenaniko kanthu.
A Tobiyasi anachita mantha, mantha enieni.

10.
Lachitatu lililonse, masana, anthu ali ku nkhomaliro. Shedi yosungiramo kathirakitala ili ndi kiyi mmodzi. Sipanala ya nambala 13. Gona chagada, tembenuza nati kawiri, osapitirira: katatu tcheni chingagwe makina ali potsetsereka n'kuvulaza woyendetsa, kamodzi chingapirire mpaka Loweruka. Kawiri. Masabata asanu ndi atatu, ndipo sichinaphonyepo tsiku. Pa ntchito zonse zimene a Tobiyasi anagwira pasukulupo, imeneyi ndiyo inali ya luso.
Ndine, mayi.
Mayi Msukwa anatambasula dzanja, a Tobiyasi n'kuikamo kiyi wa shedi. Makaniko wina adzachokera ku Lilongwe Lolemba, anatero mayiwo, enanu bwererani kuntchito.
Panja a Nangondo anapeza a Tobiyasi akupinda ovolosi.
Alamu, mukanatiuza.
Mukanakana.
Tikanakana, inde.
A Nangondo anatola chikwakwa n'kulowera kubwalo. Udzu unalipo wokwanira mpaka Lolemba.