Ufumu wa Mwana wa Mlongo

Ine sindinapite kwa Elvis ku Silverest kukasewera za pa kompyuta ayi. Ndinakwera minibasi Lamulungu titangotuluka ku Misa, ndili ndi funso limodzi basi: Loweruka likubwerali, pokakamba za ukwati wa Elvis kwa makolo a Christabel, adzalankhule ndani, ine kapena a Jonas?

Elvis ndi mwana wa malemu mlongo wanga Josephine. Ndinamulera ndine ku Kasisi, ndi thukuta la m'dimba la kabichi, bambo ake a Jonas atathawa mwana asanamere n'dzino lomwe. Lero mnyamata wapeza ntchito m'boma, wamanga nyumba ya malata ofiira, ndiye a Jonas atulukira atavala jekete, ati, "Mwana wanga." Mwana wanu? Manyazi alibe munthu uja!

Elvis anadziwa chimene ndadzera, galu wamkota sakandira pachabe. Anandifunsa za mvula, za bondo langa, za nkhuku, kenaka n'kundikokera pa tebulo pamene panali kompyuta.

"Amalume, nkhalani apa muone gemu. Ni ya mafumu akudala, muzaikonda."

"Ndabwera ndi nkhani, iwe."

"Tizakamba. Sewelani che pang'ono."

Ndinakhala. Ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha, athawire kuti m'nyumba mwake momwe?

Pa galasi panali mapu a maiko akalekale, timagawo ta mitundumitundu ngati chitenje. Elvis anayamba kundiphunzitsa ngati mwana wa katekisimu.

"Sankhani dziko ikulu, tung'ono bamatudya msanga. Iyi batani iimika nthawi. Mukasokonezeka, imikani, muganize. Ndipo osayamba nkhondo, amalume, nikudzibani imwe na mutima wanu. Bonse boyamba bamafela pamene apo. Yambani na minda na misika, mukwatitse bana kuli mafumu yamphamvu kuti mupeze banzanu."

Ndinasankha dziko lapakatimpakati, dala, kuti asaganize kuti ndimva zonse.

"Koma nkhani ikulu ni iyi," anatero. "Samalani wamene azangena ufumu. Mfumu ikafa, imwe mupitiliza na uja wangena."

Foni yake inalira, iye n'kutuluka panja. Kudzera pa zenera ndinamva, "Ee, adadi. Ee, adadi." Adadi! Mtima unandiwira, koma ndinatembenukira ku gemu.

Ndinatsegula banja la mfumu yanga. Inali ndi mwana wamwamuna. Inalinso ndi mlongo, ndipo mlongoyo anali ndi kamnyamata. Apa panali chofunsa? Kwathu ngakhale mwana wa kumbuyo amadziwa kuti ufumu amalowa mwana wa mlongo. Ndiye kamnyamata kaja ndinakapatsa mphunzitsi wabwino koposa. Katakula ndinakagawira dera la m'mbali mwa mtsinje, nthaka yachonde, n'kukapezera mkazi wa ku banja lolemekezeka. Mwana wa mfumu sindinamuzunze ayi, ndinangomusiya azidya za bambo ake. Zaka zinkathamanga pa galasi, minda ikubala, ine ndikunyadira ndekha kuti gemu imeneyi ndaitha tsiku limodzi.

Kenaka belu linalira, ngo! Mfumu yafa. Ndikayang'ana, chisoti chachifumu chili pamutu pa mwana wa mfumu, mbuli ija yosaphunzira.

"Elvis! Makina akowa apenga!"

Analowa akuthamanga, n'kuyang'ana, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Amalume, mwachita chani? Mu gemu iyi ufumu uyenda kuli mwana wa batate. Mwana wa mlongo alibe kanthu."

Mawu amenewo anandilasa, sindinama. Anandipweteka kuposa bondo.

"Alibe kanthu?"

"Ni lamulo ya gemu che."

"Nanga m'nyumba muno tikutsata lamulo liti?"

Kuseka kunathera pomwepo. Anayang'ana pansi, akusisita foni ndi chala.

"Ndisinthire," ndinatero. "Mbuli iyi sindisewera nayo. Ndikufuna mwana wa mlongo."

"Ingachitike, koma ali che na kadela kamodzi. Bazamumaliza."

"Sintha."

Anasintha. Dziko lonse lija ndinalilima ndekha linasanduka la mdani, ine n'kutsala ndi kachigawo ka m'mbali mwa mtsinje.

"Batani la nkhondo ndi liti?"

"Amalume, nakuuzani kuti..."

"Ndi liti, iwe?"

Analoza. Ndinadina ndi mphamvu zonse, tebulo mpaka kugwedera.

Asilikali a mfumu yatsopano anabwera ngati linthumbu. Anga anali ochepa omvetsa chisoni, koma ndinawatuma kutsogolo. Elvis, yemwe uja ankati nkhondo ayi, analephera kupirira. Anakoka mpando, n'kukhala phewa ndi phewa ndi ine.

"Osawoloka mumana, mutsinje uyo! Bwelelani pa phili, babwele beve. Imikani nthawi, amalume, imikani!"

Tinamenya nkhondo awiri, iye akukuwa, ine ndikutukwana. Pa phiri paja tinawabweza kamodzi, Elvis n'kudumpha ngati timu yake yagoletsa. Koma anabweranso ochuluka, n'kuzinga mudzi wathu. Panatuluka uthenga pa galasi.

"Bakuti mugonje, bazamusiya na moyo," anatero Elvis.

"Sindigonja."

"Muzaluza vonse."

"Ndiluze."

Linga linagwa. Mwana wa mlongo anamugwira, gemu n'kutha.

"Tsopano yankha," ndinatero. "Loweruka adzalankhule ndani?"

"Adadi banapempha kwambili. Nenzoganiza kuti mukambe bonse babili."

"Atambala awiri salira m'khola limodzi. Ndipo mvetsa, ine sindikupempha. Ukasankha a Jonas, ndibwerabe. Ndidzakhala panja pa geti ya apongozi ako dzuwa lonse, aliyense wofunsa kuti mdala uyu ndani ndidzamuuza amene ankakunyamula pa njinga kupita nawe kuchipatala. Ndidzamuuza ndithu."

Ndinanyamuka kuti ndizipita. Anandigwira mkono.

"Yembekezani."

Anaimba foni ndili pomwepo.

"Adadi, ni Elvis. Pa Loweruka mubwele, muzankhala pasogolo, muzadya na ife. Koma bokamba ni amalume."

Mawu a a Jonas ankamveka ngakhale kwa ine, akukalipa, akutchula dzina langa ngati la mbava. Elvis ankangoti, "Ee. Nimvela. Koma ni amalume." Kenaka foni inadulidwa.

"Bakuti sibazabwela," anatero. "Bakuti nisabatumilenso foni."

Anakhala pampando, misozi ikutsika, osaipukuta n'komwe. Ndinapeza chimene ndinadzera, koma chimwemwe panalibe. Mwana ndinalera ndekha uja anali atasiyidwa ndi bambo ake kachiwiri, ndipo ulendo uno ndinamukankhirako ndine. Zinandiwawa kwambiri. Komabe mawu anga sindinabweze, ndipo sindidzabweza.

Ndinamugwira paphewa.

"Lira, ukamaliza usite suti yako. Loweruka ndifika m'mawa, ndipo pakhomo pa apongozi ako sindidzachokapo mpaka atakupatsa mkaziyo."