Mzere Womaliza mu Fayilo ya Bambo

"Mizere yonse yafiira," anatero mnyamata kwa mlongo wake wamng'ono, akuloza pakompyuta. "Fayilo ya bambo njolakwika. Tumizani ya ku ofesi basi, a Namakompyuta."

Bambo awo anaikidwa m'manda Loweruka. Lolemba m'mawa bungwe lomwe ankaligwirira ntchito yoperekera mankhwala m'makomo mwa odwala linaimba foni: wanjinga yamoto watsopano ayamba mawa, akufuna fayilo imodzi yolondola. Koma mafayilo analipo awiri, a mawu okhaokha, mzere uliwonse wodwala mmodzi: nambala, dzina, mankhwala, malo. Ya ku ofesi inali ya pa 3 Juni. Ya bambo, yomwe inali pafulashi, ya pa 28 Meyi.

"Kufiira sikulakwa, achimwene," anayankha mtsikanayo. "Pulogalamuyi imayerekeza mzere woyamba ndi woyamba mnzake. A ku ofesi anasanja maina motsatira alifabeti. Bambo sanatero."

Anakopera mafayilo onse awiri pambali, nawasanja motsatira nambala, nayerekeza makolamu anayi oyamba okha. Kufiira kunatha, kupatula mzere umodzi umene ku ofesi kunalibe.

Ya bambo inalinso ndi kolamu yachisanu. Galu amaluma, lizani belu muli panja. Samva bwino, gogodani pazenera. Apongozi ake asadziwe.

"Zimenezo fufuta. Zikumveka ngati miseche," anatero mchimwene wake.

"Ndiye mawa mukalumidwe ndinu m'malo mwa wanjingayo."

Mtsikanayo anatsegulanso fayilo ya bambo monga anaisiyira. Mchimwene wake anawerenga malowo chotsika: kuseri kwa chigayo, pamlatho, kumtunda kwa sukulu, kenako chobwerera.

"Iyitu ndi njira," anatero motsitsa mawu. "Anasanja mmene ankayendera."

Mzere wosiyana uja unali pansi penipeni, pomwe ulendo unkathera. Unalibe nambala. Dzina linali la amayi awo. Amaiwala a madzulo, thirani madzi m'kapu yabuluu, khalani pompo mpaka amwe.

"Uwu ndi wathu," anatero mtsikanayo. Anauchotsa, natumiza yotsalayo osasuntha mzere ngakhale umodzi.

Dzuwa litapendeka, mchimwene wake anafunafuna m'kabati mpaka anaipeza kapuyo. Amayi anali pakhonde, manja pamiyendo.

"Wakuuza ndani za kapu imeneyi?" anafunsa amayi.

Mnyamatayo anathira madzi m'kapumo. Anawaikira mapiritsi m'dzanja, nakoka mpando wa bambo, nakhala.