Tsiku limene NyaHara anasintha mzere

Esme, amene anthu ankamutchula NyaHara, ankaunjika tomato pathandala pamene Yoram Lungu, wapampando wa chipani m'dera lonselo, anaimitsa njinga yake yamoto pafupi ndi mabeseni, fumbi n'kutera pa katundu wa eni ake. Kupepesa sanapepese. Anthu a maudindo saona fumbi lawo.

"Monire, amama NyaHara! Mawa m'mawa pabwalo la sukulu. Amayi anu onse abwere, nsalu ya chipani m'chiuno."

"Yewo, adada. Tibwera."

"Zobwera ndikudziwa. Ndikuti poima mukupadziwa?"

Mawa lakelo kunali chisankho chachipulula chopeza woimira chipani pa ukhansala. Chisankho chimenechi chilibe pepala, chilibe kachipinda kobisalamo. Opikisana amaima kutsogolo atapereka msana, nthumwi zimandanda kumbuyo kwa munthu amene zikumufuna, ndipo akuluakulu amawerenga mitu dzuwa likuswa mtengo. Aliyense amaona pamene mnzake waima.

Opikisana anali awiri, onse makhansala kale, chifukwa malire a mawodi atasinthidwa anapezeka ali m'wodi imodzi. Zondwayo Thole anali mwana wa chipani weniweni: bambo ake ndiwo anabweretsa chipanicho kuno. Lucia Zimba anapambana ataima payekha, ndipo khadi la chipani anali atangolitenga chaka chathachi.

Esme naye sanali munthu wamba m'chipanimo. Anakhala wapampando wa amayi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anavina pamisonkhano mpaka mapazi kung'aluka, anaimba mpaka mawu kusasa, ndipo maliro a wachipani aliyense kuchokera ku Jenda mpaka ku Edingeni ankamupeza ali patsogolo. Chipanicho ankachikonda, osati mwachiphamaso ayi.

Koma panali chimene anaona ndi maso ake. Miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo, makhansala anakambirana zochotsa kamsika kawo m'mbali mwa msewu waukulu, kumwera kwa Jenda, kuti kapite kuseri kwa chitunda kumene basi siima ndipo madzi kulibe. Tomato amagulidwa ndi anthu a m'mabasi. Kumuchotsa pamsewu n'kumuuza kuti akawolere kutchire. Esme ndi amayi anzake anakwera lole kupita ku boma, ku Mzimba, n'kukakhala pa mabenchi a kumbuyo. Dzulo lake Zondwayo anali atawauza kuti, "Ine ndilipo, palibe akusuntheni." Nthawi yokweza manja itakwana, dzanja lake linakwera limodzi ndi a ofuna kusamutsa msika, nkhope ataizolikitsa pansi. Lucia anakana, nanena chifukwa chake mokweza. Manja anafanana mbali zonse, choncho nkhaniyo anaisiyira makhansala amene adzasankhidwe.

"Adada," anatero Esme akupukuta tomato ndi kansanza, "nkhani ya msika ija ikadzabweranso, a Thole adzakweza dzanja mbali iti?"

"Aa, amama, mukadali pomwepo? Zija chipani chinali chitagwirizana. Khansala angatsutse bwanji akuluakulu ake? Kumeneko ndiye kukhulupirika."

"Ndiye akuluakuluwo akadzagwirizananso?"

Yoram anaseka, koma kuseka kwa mano okha. "Mayi Zimba abwera dzulodzuloli. Mlendo ndi mame, amama, dzuwa likatuluka mbwenu wakamuka."

"Akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa."

"Mwachenjera chomene masiku ano. Ingokumbukirani kuti mpando mwakhalapowo ndi wa chipani, si wa tomato."

Analiza njinga yake n'kupita. Angelina, amene ankagulitsa anyezi pathandala loyandikana ndipo naye anali nthumwi, anali atamva zonse.

"Mlamu, mwaiputa dala," anatero. "Ife tonse tiyang'ana inu mawa. Koma ndikuuzeni, ine mantha ndili nawo. Amuna anga amalima munda wa a Thole."

"Sindikukoka munthu," anayankha Esme. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Anayankha molimba choncho, koma mumtima munali chisoni. Mpandowo unali ulemu wake wonse. Mkazi wamasiye wogulitsa tomato amamupatsa moni ndani? Koma NyaHara wapampando ankamuikira mpando kutsogolo, ngakhale paukwati wa anthu osawadziwa.

M'mawa mwake bwalo la sukulu linadzaza. Esme anafika atavala nsalu ya chipani monga mwa masiku onse, ndipo anatsogolera nyimbo ziwiri, amayi akuvina. Zondwayo anabwera kudzamugwira chanza ndi manja awiri.

"Amama wane, inu ndinu nsanamira. Mukaime kumbuyo kwanga kwenikweni, woyamba, anthu aone."

"Adada, ndikufunseni pamaso. Msika uja mudzauteteza?"

"Zimenezo tidzaona mmene chipani chidzanenere."

Sananame, tisamunamizire. Esme anamuthokoza chifukwa cha yankholo.

Wotsogolera chisankho, amene anachokera ku ofesi ya chipani ya boma lonse, anaimika opikisana awiriwo motalikirana, nkhope zawo zitaloza ku chipupa cha kalasi. Kenaka anaomba m'manja. Amuna anathamangira kumbuyo kwa Zondwayo. Kumbuyo kwa Lucia kunaima anthu asanu ndi mmodzi a kumudzi kwawo, akuyang'anana mwamanyazi. Amayi a kumsika sanasunthe, maso onse pa wapampando wawo.

Esme anamanga nsalu yake bwino, nayamba kuyenda. Anadutsa kutsogolo kwa Yoram, anadutsa mchira wa mzere wa Zondwayo, nakaima kumbuyo kwa anthu asanu ndi mmodzi aja.

"Amama NyaHara, mwasochera!" anakuwa Yoram. "Mzere wathu ndi uwu!"

"Sindinasochere, adada. Uwunso ndi mzere wa chipani chathu, kapena khadi la mayiwa munawagulitsa labodza?"

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunamasula ena. Anabwera mayi wogulitsa mbatata, kenaka awiri a kabichi, kenaka gulu. Angelina anaima pakati pa mizere iwiriyo akupotokola ngodya ya nsalu yake. Potsiriza anakalowa mzere wa Zondwayo atagwetsa nkhope. Esme anamuona ndipo sanamusungire kanthu, pakuti munda ndi munda.

Anawerenga kawiri. Zondwayo anapeza 52, Lucia 47.

Atauzidwa kuti atembenuke, Zondwayo anayamba kufufuza nkhope za mumzere wake akumwetulira. Atamuona Esme mbali inayo, kumwetulira kunazima. Anthu ake anamunyamula m'mwamba, koma khosi linali lopotokera komweko.

Yoram sanadikire kuti fumbi litsike. Anafika ndi mlembi wake anthu akuona.

"Buku la amayi mubweze lero. Komiti yagwirizana kuti mupume."

"Yakumana liti komitiyo?"

"Amama, musatalikitse nkhani."

Bukulo Esme anali nalo m'chikwama, chifukwa ankadziwa kuti zidzatha chonchi. Analipereka ndi manja awiri. Zinamupweteka kwambiri, misozi inafika m'maso, koma sanalole kuti igwe pamaso pa Yoram.

Lucia anamupeza pa mjigo wa sukulu akusamba kumaso. Awiriwa anali asanachezepo chiyambire.

"Amama, mwataya mpando chifukwa cha ine, ndipo ndagonja. Ndikupepesa chomene."

"Si chifukwa cha inu ayi. Nyimbo zathu simuzidziwa n'komwe, ndinakuonani mukungogwedeza milomo. Ine ndinaona dzanja lanu ku boma, basi." Anapukuta nkhope. "Munapambana kale muli nokha. Mungaimenso nokha pachisankho chachikulu chikubwerachi?"

Lucia anayankha kuti, "Adzandichotsa m'chipani. Nanunso mukandithandiza adzakuchotsani."

"Ndikudziwa."

"Ndiye pafunika anthu olembetsa m'kaundula wa ovota oti asainire fomu yanga. Mayina awo adzaonekera poyera."

"Leronso taonekera poyera," anatero Esme. "Mubwere nayo kumsika Lolemba, basi yoyamba isanafike. Mzere woyamba wa pafomuyo musalembepo munthu, ndi wanga."