Kabotolo ka a Kingsford

Ntchito ya Ketrina pachipatala inali yopatsa matenda manambala. Dokotala akathana ndi wodwala, kapepala kankabwera pawindo lake, iye n'kulowetsa mu kompyuta nambala ya chimene chachitika, kuti a inshuwalansi adziwe cholipira. Kutsuka bala kunali ndi nambala yake, kuzula dzino yakenso.

Lachinayi lina m'mawa anaona njinga asanaone mwiniwake. Inatsamira mtengo wa mango panja, yakuda, belu lake lomangidwa ndi waya wofiira. Wayayo anamanga ndi Mordecai, malemu mwamuna wake.

Mordecai atafa pangozi ya minibasi pafupi ndi Chinyunyu, mkulu wake, a Kingsford, sanadikire kuti dothi la pamanda liume. Anatulutsa katundu yense pabwalo, anamfedwa akuona, n'kumuimika Ketrina pakati. "Tchula, mulamu. Ichi anagula ndani? Kweza mawu, anthu amve." Ketrina anatchula matiresi, anatchula wailesi, anatchula ngakhale chitenje chimene anamanga m'chiuno. A Kingsford anatenga katunduyo, njingayo n'kuikwera okha pobwerera kwawo.

Ali chiyang'anire njinga ija, nesi Fainess analowa ndi kabotolo m'kathumba ka pulasitiki.

"Aka kapite ndi Obby lero," anatero. "Adokotala sanakondwe nacho chotupacho."

M'madzi a mankhwala munkayandama kanyama kochepa ngati njere ya mapira. Kapepala kochokera kwa dokotala kanali ndi dzina la a Kingsford. Anawaunika kotulukira chimbudzi, n'kudula kanyamako kuti kakapimidwe ngati ndi khansa.

Ntchito imeneyi inali ndi manambala awiri oyandikana. Ina inali ya kungoyang'ana. Inayo inali ya kuyang'ana ndi kudula, ndipo ndi yokhayo imene inkatulutsa kapepala komata pabotolo. Obby, dalaivala wopititsa mabotolo ku labu ku Lusaka Lachinayi lililonse, sankakhudza botolo losamatidwa.

A Kingsford anafika pawindo akuyenda motangadza, ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala. Kumbuyo kwawo, pabenchi, kunali amayi a ku Chinyunyu ogulitsa nthochi mumsewu, onse a mpingo umodzi ndi iwo.

"A mulamu," anatero chapansipansi. "Kansi mumasewenza kuno?"

"Khadi lanu, ba Kingsford."

Lamulo linkati wodwala atsimikizire yekha chimene wachitidwa nambala isanalembedwe. Masiku onse Ketrina ankafunsa monong'ona, pakamwa pali pafupi ndi kabowo ka galasi. Lero anatsamira mpando.

"Anakupimani pati?"

"Si zalembedwa papepalapo?"

"Ndiyenera kumva kwa inu. Kwezani mawu, galasili n'lochindikala."

Nkhani za pabenchi zinaduka. A Kingsford anatsokomola, n'kupukuta khosi ndi chipewa.

"Kumunsi."

"Anangoyang'ana, kapena anadulanso kanyama?"

A Estina, mmodzi wa amayi aja, anagwira mnzawo pabondo. "Kansi akulu a mpingo nawonso amavula," anatero, osati monong'ona kwenikweni. Wina anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Anangoyang'ana," anatero a Kingsford.

Ketrina anawayang'ana. Iye ankangofuna kuona thukuta lawo, basi. Sanayembekezere kuti munthu angamuikire yekha mpeni m'manja, chigwiriro chili kwa iye.

"Mwatsimikiza? Pali kusiyana. Ngati anadula, kanyamako kamapita ku Lusaka lero. Ngati anangoyang'ana, palibe chopita."

Anawaona akumvetsa. Maso awo anatsikira pakabotolo kamene kanali pambali pa kompyuta, kenako anacheukira kubenchi. Panangofunika mawu amodzi. Ketrina anadikira, monga iwo anadikira pabwalo paja mpaka iye atatchula chitenje.

"Ndine munthu wamkulu ine," anatero mokweza. "Palibe anandidula. Lemba zimene ndanena, iwe."

Analemba. Makina otulutsa timapepala anakhala chete. A Kingsford anatenga khadi lawo, nadutsa pabenchi chibwano chili m'mwamba.

Ketrina anakoka dilowa, n'kugoneka kabotolo pambali pa supuni yake ndi duku.

Posakhalitsa Obby anasuzumira pakhomo, makiyi akulira pachala. "Ba Ketrina, mabotolo ni yamene aya?"

"Ndi omwewo."

Obby ananyamula bokosi la mabotolo. Galimoto inatuluka pageti, n'kukhotera kumsewu waukulu.

Pansi pa mango, a Kingsford anakweza mwendo kuti akwere njinga, koma unaima m'malere. Anautsitsa pang'onopang'ono, nayamba kukankha. Belu linkalira lokha pamiyala.

Madzi a m'kabotolomo amasunga nyama nthawi yaitali osawola. Ketrina ankadziwa zimenezo. Ankadziwanso kuti chotupa chimene chatsala m'thupi sichidikira Lachinayi la munthu. Anakankha dilowa ndi bondo mpaka inatsekeka.

"Wotsatira," anaitana.