Mapiritsi a Kaliati

Aliness ankapindabe mphasa za anamalira pamene mlongo wake Howard anayambanso nkhani ija.

"Munthu wadzuka bwinobwino, wapalira chinangwa, mwadzidzidzi pakamwa papindika. Iwe ukuti matenda? Dimba la mpunga la ku Chilwa lija a Goliati analiyamba kale kulisirira."

A Goliati anali mng'ono wa malemu bambo awo, a Kaliati. Aliness ankaphunzira unamwino ku Zomba. Amayi awo anadzutsa mutu, namuyang'ana.

"Tandiuza, mwana wanga. Sitiroko ananena adokotala ija imalowera pati?"

"Siilowa, amayi, imayambira m'kati. Mitsempha ya magazi ya mu ubongo ili ndi khoma lopyapyala. Tizidutswa ta khomalo timagwirana ndi zomatira zotchedwa mapuloteni, kuti magazi azidutsa osadontha. BP ikakhala yokwera zaka zambiri, zomatirazo zimafooka."

"Zimaoneka ndi maso?"

"Ayi. Akatswiri omwe akuzifufuzabe. Akuti mitsempha ya mtima nayonso imatero."

Amayi anatembenuza dzanja, nadinikiza mtsempha wa pamkono ndi chala. "Ndiye kuti nanenso ndili nazo?"

"Tonsefe."

Koma Aliness nayenso anali ndi funso lake. Bambo ake sankaphonya kukatenga mankhwala a BP kuchipatala. Nanga khomalo linagumuka bwanji msanga chotere?

Dzuwa litapendeka, a Goliati anafika akukankha njinga. Anavula chipewa, nakhala m'mphepete mwa khonde. Howard anaimirira osawapatsa moni.

"Alamu, ndabweza katundu wa achimwene," anatero a Goliati kwa amayi, akutulutsa m'thumba kapepala kapulasitiki ka mapiritsi. "Ine chipatala ndimachiopa kuyambira ndili mwana. Mutu utayamba kundigunda, iwo anati nthenda yathu ndi imodzi, ya kwa amayi athu. Ndiye ankadula piritsi pakati, chidutswa iwo, chidutswa ine."

"Kuyambira liti, bambo aang'ono?" anafunsa Aliness.

"Mpunga takolola kangapo."

Howard anakhala pansi pang'onopang'ono.

Aliness anakhuthulira mapiritsiwo m'manja. Onse anali odulidwa ndi mpeni, koma palibe chidutswa chimene chinali theka lenileni, chilichonse chinkaposa theka.

"Ndinkawadandaulira kuti sadziwa kudula," anatero a Goliati, akupotokola chipewa chija. "Iwo ankangoseka, n'kumeza kakang'onoko."