Kumanzere kwa Alamu

Mumsewu mwathu aliyense ankanong'ona kuti alamu anga, ometa tsitsi aja, atopa nawo achemwali. Ena ankati apeza wina. Ndisaname, inenso ndinathirako ndemanga pampopi.

Nanga tikanati chiyani? Chitulukireni m'chipatala atadwala sitiroko, alamu ankayenda, ankayankhula, nthabwala zawo zili zomwe zija. Koma achemwali akakhala pampando wawo wa masiku onse, kumanzere kwa alamu, zinkangokhala ngati palibe munthu. Akawapatsira madzi, osalandira. Ine ndikatulukira cha kumanja, pompo andiitana ndi dzina limene amandinyogodolera: "Wailesi, lero nkhani zikuti bwanji?"

Achemwali zinawapweteka. Anandiuza kuti akangowaperekeza kuchipatala Lachinayi, basi, abwerera kwa amayi.

Ndinapita nawo, poti ine zomva kwa ena sindikhuta nazo. Adokotala a zaubongo, mayi oyankhula motsitsa, anawayang'anitsitsa alamu kumaso.

"Bambo, ndevuzi wakumetani ndani?"

"Ndekha. Imeneyo ndiye ntchito yanga."

Tsaya lakumanja linali see, lakumanzere tchire lokhalokha. Ife kunyumba tinkati ndi ulesi wa matenda.

Adokotala anawapatsa pepala kuti ajambule wotchi. Alamu anazunguliza bwinobwino, koma manambala onse anawapanikiza kumanja, mbali inayo mbee.

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza."

Adokotala anatembenukira kwa achemwali. "Maso awo alibe vuto. Sitiroko inavulaza mbali ya ubongo imene imasamala za kumanzere. Kwa iwowa, kumanzere kulibe. Sakudziwa n'komwe kuti pali chimene chikusowa."

"Ndiye kuti ine sandiona?"

"Mukakhala mbali imeneyo, ayi."

"Adzachira?"

"Ena amachira pang'onopang'ono, ena ayi. Tiwaphunzitsa kutembenuza mutu, koma muyenera kuleza mtima."

Achemwali ananyamula mpando wawo, kudutsa kumbuyo kwa alamu, n'kukauika kumanja. Mpandowo unagunda kabati, koma palibe anacheuka.

Alamu anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi a kunyumba, ndinakulakwirani chiyani? Chibwerereni kuchipatala simukhalanso nane pafupi. Ndimadya ndekhandekha ine."

Milungu isanu yathunthu achemwali anali pomwepo, phewa ndi phewa. Anawagwira dzanja alamu, sanalisiyenso. Adokotala anayang'ana pansi.

Inuyo mukanakhala achemwali, mukanawayankha chiyani?